Akuti denga latsala masiku asanu

Aphungu,

Ndithandizeni msanga, mutu wanga sukugwira. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, kumsana ndilinso ndi wina wa zaka ziwiri. Kuchipatala anandiuza kuti ndiyembekezere pa 28 mwezi wamawa. Amuna anga ndi kalipentala ndipo akumanga okha nyumba yathu. Osandifunsa n'komwe, anakauza eni nyumba ya lendi kuti tituluka pa 20 mwezi womwewo, ndiye eni akewo apeza kale wina wolowa.

Dzulo ndinapita kukaona nyumba akumangayo. Aphungu, malata ali mbali imodzi yokha, chitseko palibe, chimbudzi ndi kadzenje kolekeza m'mawondo. Nditafunsa anati, "Amake mwana, zatsala zing'onozing'ono, masiku asanu basi. Manthawo ndi a mimba." Alamu anga nawo akuti, "Achimwene akalonjeza salephera." Komatu benchi imene amuna angawo anati apanga tsiku limodzi titangokwatirana, mpaka lero alendo amakhalira chidebe. Ndiwakhulupirire? Ndikuopa kudzagona panja ndi khanda.

L.K.

Mayi,

Amuna anu sakunama, akukhulupiriradi zimene akunenazo, ndipo vuto ndi lomwelo. Masiku asanu awowo ndi a kudziko kumene mvula siigwa, misomali siitha, ndipo kasitomala sabwera kudzalirira kabati yake.

Tengani pepala. Lembani ntchito khumi zimene analonjezapo, masiku amene ananena, ndi amene zinatengadi. Zikapezeka kuti ziwiri zokha zinatha pa nthawi yake, mwayi wanu wolowa pa 20 ndi womwewo, kawiri pa khumi. Ngati tsiku lawo limodzi limatha sabata, masiku asanuwo mudziwe kuti ndi mwezi ndi kanthu. Pa 28 paponso ndi pongoyerekeza. Mwana saona kalendala, atha kufika kudakali masabata awiri.

Ndiye lero lomwe pitani nonse kwa eni nyumba mukapemphe mwezi wina. Akakana, lankhulani ndi amayi anu kapena achemwali akusungireni pogona. Bambowo asiye zokongoletsa, amalize chipinda chimodzi, chitseko ndi chimbudzi. Alamuwo apatseni fosholo, chikhulupiriro chawo chikagwire ntchito kudzenje.

Koma musamange katundu chifukwa chomva kuti "zatha". Mukalowe nokha, mutseke chitseko, muyang'ane kumwamba. Mukaona mitambo, bwererani.