Ndime ya Mtembo

Lolemba, 6 Okutobala

Khadi yatsegula! Kagetsi kobiriwira, chitseko cha labu n'kulira tii. Ndinatsala pang'ono kuchikumbatira. Sabata yonse kagetsi kofiira, ine panja ngati wodzapempha madzi akumwa, mbewu zanga za nyemba zili mkatimo. Sizinafe. Wakhofi, mnzanga wa tebulo loyandikana, ankazithirira osandiuza. Ndamugulira mabisiketi, wati ndikanagula khofi.

Chonsecho chifukwa cha inshuwalansi ya zaumoyo. Yotchipa ija ndinagula ndisanabwere, ofesi ya alendo inaikana. Mayi wa muofesimo, magalasi ali pamphuno, ankaloza ndi chala: "Mukadwala, zilimo. Nanga mukamwalira, wobweza mtembo wanu kwanu ndani? Ophunzira ndi ofufuza ochokera kunja, popanda ndime imeneyi sitiwalola." Ngati akufunsa saizi ya nsapato. Ndagula ina, aivomera. Jekete lidikire mwezi wamawa.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Tulo tokoma. Osalota ofesi.

Popita kuntchito ndawatumizira achimwene uthenga wa mawu kuti zatheka. Pamlatho paja mphepo yokhayokha, mabasi akudutsa. Ndangotumiza osaumveranso. Tsiku lonse kuyeza masamba. Msana kuwawa, mtima uli m'malo.

Lachinayi, 9 Okutobala

Koma abale anga!

Foni ndinaiiwala m'kabati ya mu labu, batire n'kuthera momwemo. Kuiyatsa m'mawa uno, yangoti ngrii ngrii osaleka. Achimwene, azakhali, ngakhale alamu aja sanandiimbirepo chikwatire. "Limba mtima." "Unatibisiranji?"

Ndawaimbira achimwene. Moni palibe. "Iwe, uli chipatala chiti?" Akuti mu uthenga muja anangomva "ndikamwalira", "mtembo", "zonse zakonzeka". Zinazo inadya mphepo. Kuimba, foni yozima. Anauza azakhali, ndipo azakhali anauza aliyense wokhala ndi makutu.

Ndaseka mpaka kukhala pansi pamasitepe. Iwo osaseka. "Seka bwino. Ine ndalira pamaso pa mkazi wanga, ulemu wanga undibwezere." Kenako nawonso anaphulika.

Mwana wanga sanamuuze, ali kusukulu yogonera konko. Apo ndiye ndinapuma. Nanga amayi? Achimwene anayamba akhosomola. Amva. Sakudya chiyambire dzulo.

Kuseka kunathera pomwepo.

Lachisanu, 10 Okutobala

Dzulo amayi anakana foni, akuti mawu okha munthu atha kunama. Lero pavidiyo, achimwene atawagwirira. Maso otupa. Mayeso ake osati masewera. Imirira. Tembenuka. Tulutsa lilime. Ndinanyamula mpando ndi dzanja limodzi, ndinadumpha, wa chipinda chapansi mpaka anagogoda denga lake. Ndinatsegula filiji aone kuti muli chakudya. Anayang'anitsitsa, n'kuti, "Mazira okhawo? Wawonda." Basi ndinadziwa kuti akhulupirira.

Ndinati sindidula foni mpaka adye. Anadya ndikuona, akundikalipira chakudya chili m'kamwa. Sindinamvepo kukalipa kokoma chonchi.

Wakhofi ndamufotokozera, waseka mpaka kutayira khofi pamalaya. Akuti amayi ake sanawauze n'komwe za ndime imeneyo, amaudziwa mtundu wake.

Lamlungu, 12 Okutobala

Amayi aimba okha masana, achimwene kulibe. Nkhope theka, denga theka, foni sadziwa kuigwira. Akuti ndiwawerengere ndime ija pang'onopang'ono, m'chilankhulo chathu. Ndinayesa kuzemba. "Werenga, ndine wamkulu."

Ndinawerenga. Bokosi, ndege, mapepala, mpaka pakhomo.

"Mpaka pakhomo pano?" Eya. "Osapemphetsa kwa anthu?" Osapemphetsa.

Kenako: "Bambo ako akanakhala nacho chimenecho."

Nkhani imene sitikamba. Abambo anapita kunja kukagwira ntchito ya zomangamanga ine ndikukwawa. Anamwalirira komweko, anzawo a kuntchito n'kuwaika. Kunyumba kunangofika sutikesi. Ndakula ndikuiona pamwamba pa kabati, sindinafunsepo.

"Anzanga amasiye ali ndi poti n'kukaima," anatero. "Ine ndilibe." Osalira. Wolira ndinali ine.

Kenako anadzikonza mpango. "Imeneyo usamadumphe kulipira, wamva? Koma usayerekeze kuigwiritsa ntchito ine ndili moyo, ndidzakumenya m'bokosi momwemo." Tinaseka tonse. Akuti lero agona bwino.

Ine ndimati ofesi ija ikungondizunza.

Lachitatu, 15 Okutobala

Nyemba zayamba maluwa. Mwana wanga wakhoza masamu. Azakhali atumiza uthenga wopepesa, wautali kuposa wa maliro uja.

Ndawafunsa achimwene dzina la tauni imene anagona abambo. Analitchula osaganizira n'komwe. Akuti analiloweza ali mwana, ankalinong'ona pogona kuti lisawathawe. Zaka zonsezi, osandiuza. Inenso osafunsa.

Ndaliyang'ana pamapu nthawi ya nkhomaliro. Dziko lina, koma loyandikana ndi lino. Sitima imafika. Ndinangoti maso pamapupo osaphethira, Wakhofi anayesa ndi njala, n'kundikankhira bisiketi.

Tchuthi chikubwerachi labu amatseka. Kampani imene abambo ankagwirako ntchito mwina inatha kalekale, manda mwina ndi ambiri. Amayi sindiwauza kaye. Ndiyambe ndafika, ndione ngati pali chikwangwani, ngati dzina analilemba bwino, ndiime pamenepo ndi foni, kenako ndiwaimbire amayi.