Njanji ya m'kashedi ka ku Finglas

Lolemba, 11 Malichi

Tsiku loyamba la fieldwork ku Finglas, m'dziko la Aairishi muno, mvula osakata. Eleanor, supervisor wanga, wandituma kukajambula zithunzi kuseri kwa nyumba yakale ya pafamu, imene komiti ikufuna kuiika pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa. Nyumbayo ipulumuka, poti inali ya bwana ndipo mapepala ake alipo mulu. Kashedi ka kuseriko akufuna kukagwetsa, pakhale car park. Asayina Lachisanu.

Pa fomu Eleanor analemba kale kuti muli "scrap". Ndalowamo ndapeza chidutswa cha njanji chokhomeredwa pa chitsa, cholekeza m'mawondo, chosalala mbali imodzi. Pansi pali tizidutswa ta malata ta makona atatu, mbali ina yokhota. Timeneti timatsala ukamadula thako la ndowa. Ndakulira pa zimenezi ine.

Ndatolako tisanu, ndaika m'thumba. Eleanor sindinamuuze.

Lachiwiri, 12 Malichi

Chifikireni kuno, akandifunsa za kwathu ndimati bambo anga ndi a bizinesi. Ababa amakhoma ndowa ndi mbaula ku Ndirande. Nyundo yawo ndiyo inandifikitsa ku yunivesite, ine n'kumaibisa ngati matenda. Kuti ndiikire kumbuyo kashediko, ndiyenera kunena kumene ndinadziwira. Manyazi andigwira tsiku lonse.

Lachitatu, 13 Malichi

Pa mpanda panaima bambo wina wachikulire, chipewa mpaka m'maso. Dzina lawo a Christy. Ndi a mtundu wa ma Traveller, eni dziko lino nawonso, amene kale ankayendayenda pa ngolo n'kumakhoma ziwiya. Akuti bambo awo ankagwirira ntchito m'kashedimo nyengo yozizira iliyonse.

"Tinakawauzapo akuluakulu," anatero. "Anatifunsa mapepala. Ife mapepala tikanawatenga kuti?"

Ndinawalowetsa. Ndinakoka chidebe, ndinakhala moyang'ana mbali yosalala ija, miyendo uku ndi uku, mmene amakhalira Ababa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Anakuphunzitsa ndani kukhala choncho?"

Ndinawauza zonse. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti sankadziwa kuti ali ndi abale ku Africa.

Lachinayi, 14 Malichi

Eleanor wandipatsa five minutes zolankhula ku komiti mawa, nkhope ili yokayika. Mavis, mnzanga wa m'nyumba muno: "Aise Tupo, masters yonseyi ukaimbe ndowa ku meeting?" Wandibwereka jekete yake yabwino ija.

Lachisanu, 15 Malichi

Tapambana. Ndilembe bwinobwino ndisaiwale.

Anthu seveni pa tebulo. Ndaonetsa zithunzi. Bambo wina wa tayi anati njanjiyo mwina inali yongotsekerezera chitseko, ndiye anafunsa kuti source yanga ndi buku liti. Ndinati, "Si buku. Ndi bambo anga. Ndi okhoma ndowa ku Blantyre, ndipo ine ndinkawatolera tizidutswa timeneti."



Apo a Christy, amene anabwera nane, anatulutsa lata ndi sizasi yawo m'chikwama, osapempha n'komwe. Anadula thako la ndowa pa tebulo pomwepo, tebulo lopolishidwa bwino lija. Tizidutswa tinayi tinagwa. Ndinakhuthula tanga ta dzimbiri pambali pake. Ndendende. Mayi wa pampando anatenga kamodzi katsopano ndi kamodzi kakale n'kutiphatikiza, kenako anavula magalasi.

Agwirizana kuti kashedi kalowe pa mndandanda pamodzi ndi nyumba, car park isunthire kwina. Padzakhala chikwangwani cha dzina la bambo a Christy, m'Chingerezi, m'Chiairishi ndi m'chilankhulo cha ma Traveller. Watayi uja anadzafunsa ngati angatenge kachidutswa kamodzi. A Christy anamupatsa katsopano, takale anati n'ta m'kashedi.

Eleanor anafufuta "scrap" ndi dzanja lake. Ndili ndi chimwemwe chosaneneka. M'basi ndimangomwetulira ndekha ngati wopenga.

Loweruka, 16 Malichi

Tabwerera kukashedi ndi a Christy, ndawaimbira Ababa pa video. Anali pa ntchito, phokoso la msika lili m'makutu. Sanafunse za komiti ayi. Maso awo anali pa manja a Christy, amene amapinda mlomo wa kachidebe pa njanji ija.

"Uwauze akuluwo kuti waya wawo wachepa, mlomo sulimba."

Ndinamasulira. A Christy anati ndiwauze kuti abwere adzawaonetse okha. Anakangana choncho kwa ten minutes, ine pakati, aliyense akuseka.

Kenako a Christy anaimirira, anatenga foni n'kundipatsa nyundo. Ndinakhala pa chidebe paja.

"Wakhala bwino, mwana wanga," anatero Ababa. "Menya."