Msomali wa a Telala ndi Mawu Akuti "Wagwira"

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YOONA ZA MANO OCHITA KUIKA

Tsiku: Lachitatu, 14 Meyi
Malo: Kachipinda komwera tiyi, kuseri kwa chipinda chojambulira mafupa
Opezekapo: Wapampando (dokotala wamkulu wa mano), Dokotala Wamng'ono, Sisitala, Wojambula Mafupa, Mlembi
Opepesa: Wopanga Mano (ali kumaliro a apongozi awo)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Anati nkhani ndi imodzi yokha: msomali wa a Telala uzulidwe kapena usiyidwe. Eni akewo anapemphedwa kuti adikire pabenchi panja.

2. Mbiri ya wodwala

Dokotala Wamng'ono anakumbutsa komiti kuti masabata anayi apitawo a Telala, bambo wa zaka 58, anaikidwa msomali wachitsulo m'nsagwada ya m'mwamba, pomwe panachoka dzino lakutsogolo, ndipo pamsomalipo anawavekapo dzino longoyembekezera. Kachipangizo koyezera kulimba kwa msomali, komwe kamawerenga kuyambira 1 mpaka 100, kanasonyeza 71 tsiku loyamba. Dzulo kanasonyeza 52.

Wojambula Mafupa anati fupa la pamenepo ndi lopyapyala, moti msomaliwu ukazulidwa palibe poika wina. Bambowo adzatsala ndi mpata pakamwa, kapena dzino lovula pogona, lomwe analikana kale akazi awo ali pomwepo.

3. Kuzula kapena kudikira

Wapampando anati anagogoda msomaliwo ndi chogwirira cha kagalasi koonera mano ndipo unalira ngati mphika wong'aluka. Anati iwo akhala akugogoda misomali zaka makumi awiri, kachipangizoko kasanabadwe n'komwe. Dokotala Wamng'ono anayankha kuti khutu silisiya nambala m'faelo. Sisitala anapempha kuti azilankhula mmodzimmodzi.

Dokotala Wamng'ono anafotokoza kuti nambala imatsika ndithu sabata lachitatu ndi lachinayi, chifukwa fupa lakale lomwe linapana msomali limayamba kutha pamene latsopano likumera. Anati mafinya palibe, ndipo msomali sukugwedera. "Bwana, tikazula lero tizula chifukwa cha mantha athu, osati chifukwa cha fupa lawo."

Wapampando anati kutsika kumatsika, koma osati ndi 19. Apa ananena zoona.

4. Chomwe chinatsitsa nambala

Sisitala anati dzulo anacheza ndi a Telala madokotala atatuluka. Bambowo anavomera kuti anabwerera pamakina awo osokera patangotha masiku atatu chiikireni msomali, ndipo ulusi amadula ndi mano akutsogolo monga achitira moyo wawo wonse, mwina kakhumi pa ola. Atawafunsa chifukwa, anayankha kuti: "Mayi, a dokotala anati wagwira. Nanga mtengo ukagwira, munthu amaulonderanso?" Sisitala anawauza kuti akalumanso ulusi kamodzi, dzino lapita.

Sisitala anati vuto lili m'kamwa mwathu ife. Dokotala akati "wagwira" tsiku loyamba, amatanthauza kuti msomali wathina bwino m'fupa. Wodwala amamva kuti zonse zatha.

Wapampando anafunsa kuti ndani analankhula mosasamala chotero. Sisitala anati, "Ndinu, Bwana. Munati 'wagwira bwino' uku mukuvula magolovesi." Wapampando anapempha kuti zimenezi zisalembedwe. Palibe amene anathirira ndemanga pempholo, choncho zalembedwa.

5. Zomwe komiti yagwirizana

(a) Msomali usazulidwe. Anayi anavomera, Wapampando anakana.

(b) Dzino longoyembekezeralo lipalidwe kuti lisamagundane ndi mano a m'munsi. Wapampando anati ngakhale agonja, adzalipala okha mawa m'mawa, chifukwa ngati msomali tikuusiya, tiusamale ndi manja awiri.

(c) Msomali uziyezedwa masabata awiri aliwonse, mbali ziwiri, ndi dokotala yemweyo. Ukayamba kugwedera kapena kutulutsa mafinya, uzulidwe popanda kuitananso msonkhano.

(d) Mawu akuti "wagwira" asanenedwenso kwa wodwala tsiku loyamba. Azinenedwa akuti "msomali walowa, koma fupa silinaulandire." Mlembi akonze kapepala kopatsa odwala lisanafike Lachisanu, ndipo adzakonza, ngakhale kuti makina osindikizira akadali kwa okonza.

6. Zina ndi zina

Mlembi anatumidwa kukaitana a Telala kuti amve chigamulo. Anawapeza pabenchi atagwira singano. Anali atasokerera batani la malaya a mlonda, malayawo ali pathupi, ndipo ulusi unali usanadulidwe. Mlonda anali chiweramire pamaso pawo, akudandaula msana. A Telala anali atafunya milomo zolimba.

Atauzidwa kuti msomali wawo suzulidwa, anagwedeza mutu, kenaka anati: "Zikomo, achimwene. Koma takhala chonchi theka la ola. M'chipatala monsemu mulibe sizasi?"

Sisitala anawapatsa yake yodulira mabandeji, nawauza kuti adzabweze tsiku lomwe nambala idzafike 70. Mlembi akuvomera kuti zinamukhudza mtima, ndipo akupempha kuti chiganizochi chisafufutidwe.

7. Msonkhano wotsatira

Lachitatu, 25 Juni, m'kachipinda momwemo. Dokotala Wamng'ono adzabwere ndi nambala zonse zitatu.

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ili 3:10 masana.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________