Makapeti Akupindika Mbali ya Amayi

Okondedwa achemwali,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye amene akutisunga. Kodi mukudzuka bwanji, inu ndi alamu? Nanga chifuwa cha mwana chija chinasiya? Ine kuno ndilipo, kungoti thupi latopa. Miyendo imatupa chifukwa choima tsiku lonse m'sitolo, ndipo chipinda chimene ndikugonamo chikudontha pamwamba pa bedi penipeni. Eninyumba akuti mvula si yawo.

Makapeti amene munatumiza anafika bwino. Anthu amakonda mitundu yake, makamaka aja ofiira ndi akuda. Koma pali nkhani imene yandilemera, ndipo sindingaibisenso, poti mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Makapeti amene amayi amaluka ndi azakhali sakugona pansi. Ukawayala, mbali imodzi imatalika, ngodya n'kutukuka ngati khutu la galu. Sabata yatha mayi wina wodzagula anakodwa pangodya yotero n'kugwera pa shelefu. Sanavulale, koma mawu amene anatisiyira sindingawalembe muno. Mnzanga wa pakauntala wayamba kunditcha Namakutu, akuti makapeti akwathu amamvetsera miseche ya makasitomala.

Abwana atandifunsa, ndinati ndi chinyontho cha m'chipinda chosungira katundu. Ndinanama, achemwali. Kuyambira pamenepo ndimalawira sitolo isanatsegulidwe, ndimawaza madzi m'ngodyamo, kusita ndi simbi, n'kutsindikiza ndi makatoni. Ikamakwana masana ngodya zadzukanso. Ku mapemphero ndimaimba nawo, koma maganizo amakhala pa bodza lija.

Zoona zake ndi izi. Mukudziwa kuti amayi amakhala kudzanja lamanja la cholukira, kufupi ndi khomo kumene kukuwala, azakhali kumanzere. Mbali ya azakhali ndi yothina bwinobwino. Imene yalekerera ndi ya amayi. Ndaidziwa ndi mfundo yawo yobwereza kawiri ija, imene ankatimenyera zala tikailakwitsa. Mfundoyo ikadali yokongola, koma ulusi sukukokedwa, ndipo chipeso sichikutsendera mizere monga kale. Ndi dzanja lija ankati limachita dzanzi m'mawa. Azakhali ayenera kuti anaona kalekale, koma angayambe bwanji kudzudzula mlamu wawo amene anawaphunzitsa kuluka?

Dzulo abwana anandiitana. Sanakalipe. Anati anakagwira okha makoma a chipinda chija ndipo ndi ouma gwa. Akuti galimoto ikabwera kumeneko kumapeto kwa mwezi, dalaivala aziyala kapeti iliyonse pansi asanakweze. Akapeza yopindika ngakhale imodzi, asiya kugula kwa amayi onse a gulu loluka la m'mudzi mwathu, apita kwa oluka a mudzi wina. Ndinayamba kuganiza za amayi amasiye aja amene ana awo ali pasukulu chifukwa cha ulusi womwewu.

Pempho langa ndi limodzi. Khalani inuyo pampando wa amayi. Ndikudziwa kuti muli ndi munda ndi ana, ndipo msana wanu nawo si wa mtsikana. Koma dzanja lanu ndi lofanana ndi lawo. Iwo akhale pambali panu, azisankha mitundu ndi kumanga mfundo zomalizira, poti zimenezo palibe wowaposa. Ndinaganiza zoti muwanamize kuti abwana akufuna iwo aziyang'anira utoto basi, koma bodza limodzi landikwana, sindikufuna kukusenzetsani lina. Auzeni zoona, muli awiri, azakhali kulibe. Akakwiya, nenani kuti ndanena ndine. Andikwiyire ine amene ndili kutali.

Kapeti imene inagwetsa munthu ija abwana anati itayidwe, ine ndinaipempha. Ndayiyala pafupi ndi bedi, pamene sipadontha, ndipo ndi pamene ndimagwada popemphera. Ndimagwadira mbali ya amayi, chifukwa ndi yofewa, siipweteka mawondo. Mukamawauza nkhaniyi, muyambire pamenepo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi ana onse. Amayi muwagwire dzanja lomwelo m'malo mwanga. Mundikumbukire m'mapemphero, inenso sindikuiwalani.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa amayi