Mapira a kwathu sakutulutsa ngala

Lolemba, 18 Sepitembala
Minda yonse pano pa Yatenga mapira atulutsa ngala. Wanga wokha ayi. Atalika kupitirira denga, masamba biriwiri, ngala palibe. Apongozi akuti kapena ndinachulutsa manyowa. Ndangoti kaya.
Sakudziwa. Mbewu imene mwamuna wanga Rasmane anandisiyira popita ku migodi ya golide ndinaphikira mwana wathu Pogbi atadwala. Ndinadzala imene amayi anandipatsa pa ukwati, ya kwathu kummwera.

Lachitatu, 20 Sepitembala
Mvula ayi. Pogbi akuyamwa n'kumaluma, mkaka wachepa.

Loweruka, 23 Sepitembala
Mkazi mnzanga Talato pachitsime, anthu onse akumva: "Iwe, walima mapira kapena mitengo yomangira nyumba?" Ndaseka nawo. Mkazi akabwezedwa kwawo mwana amatsala. Pogbi sanayambe n'kuyenda komwe.

Lachiwiri, 26 Sepitembala
Kwabwera alangizi a zaulimi, Mayi Sawadogo. Ndawakokera kumunda ndekha, ndawauza zoona. Akuti mkati mwa mbewu muli timithenga tating'ono tosaoneka ndi maso. Tina timati "udakali mwana, dikira." Tikachepa timeneto, tina timati "bereka tsopano." Komanso mapira amayeza kutalika kwa usiku. Angawa akudikira usiku wautali umene anazolowera kwathu, kumene mvula imafika mpaka Okutobala.
Ndafunsa ngati pali mankhwala oti tiwafulumizitse. Apukusa mutu. Akuti mwina masabata atatu, mvula ikakhalapo.
Mbewunso kusadziwa kuti inakwatiwa kwina.

Lachisanu, 29 Sepitembala
Mitambo inabwera, yapita. Nthaka yang'ambika, chala chikulowa.

Lamulungu, 1 Okutobala
Ndang'amba phesi limodzi ndi mpeni. Kangala kalimo mkati, koyera, kochepa ngati chala cha Pogbi. Masamba am'munsi auma. Ndakabisa m'nsalu, sindikudziwa chifukwa chake.

Lachinayi, 5 Okutobala
Mmawa apongozi andipeza kumunda atanyamula zikwakwa ziwiri. Sanakalipe. Akuti anazindikira kale poona masamba kuti si mbewu ya pakhomo pano, ankangodikira kuti ndinene ndekha. Ndagwada.
"Dzuka. Tidule akadali aawisi, mbuzi zidye."
Tadula mpaka dzuwa pamutu. Pobwerera anamasula Pogbi kumsana kwanga n'kumubereka iwo. Akuti Rasmane amutumizira kale uthenga, za ine, kaya ndikhala kaya ndibwezedwa, adzanena yekha akabwera.
Pogbi wagona kwa agogo ake masana onse. Mabere akuwawa. Sindinapite kukamutenga, sanandiitane.