Mphini za amayi zafufutika pachithunzi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, koma ine mutu uja sunandisiyebe.

Chithunzi cha malemu amayi choti tiike pachiliza chandisowetsa mtendere. Chimene tinawajambula pakhonde chija chinatuluka chakuda, maso okha ndi amene akuoneka. Ndinapalasa njinga mpaka ku Migowi, wojambula n'kuchiwalitsa pakompyuta. Nkhope inaoneka, koma mphini za m'masaya zonse zinafufutika. Nditamuuza kuti achepetse kuwalako, nkhope inabwereranso mumdima.

Abambo ataona chowalitsidwacho anati, "Mtsikana woyerayu ndani? Mkazi wangatu anali ndi mphini." Akanitsitsa kuti chisaikidwe.

Chonde fufuzani m'foni mwanumo, mwina muli china chojambulidwa padzuwa. Ndikuopa kuti tingaike nkhope ya mlendo pamanda a amayi.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati