Kainjini ka ababa

Lachinayi, mwezi wa Juni. Chiperoni tsiku lonse, minda ya tiyi yosaoneka ndi nkhungu. Mtima wanga sukupeza bwino.

Ndalakwitsa lero. Kainjini ka dizilo ka ndege yoseweretsa, kamene ababa anapatsidwa kalekale ndi bwana wa pa esiteti, kakhala sabata yathunthu m'palafini. Mafuta a nsatsi anali ataumira m'kati ngati phula. Nditaweruka ku fakitale ndinakamasula pakhonde, pisitoni, kachitsulo kokankha mpweya m'katimo, n'kutuluka yofiirira. Ine ndinazolowera makina akuluakulu opera tiyi, ndiye ndinaikwecha ndi sandipepa mpaka mbee.

Nditabwezera zonse ndinakankha pulopela ndi chala. Inangozungulira mopepuka, mpweya ukuthawa.

Ababa anamva ali pamphasa. Maso anafa, koma makutu akadali aumakaniko. Anati ndiwapatse, nakatembenuza kawiri pafupi ndi khutu.

"Wapala pisitoni, eti?"

"Inali ndi litsiro, ababa."

"Litsiro limenelo ndi limene linkatseka mpweya. Chinthu chikakalamba sumachotsa zonse."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangokafumbata, n'kutsokomola nthawi yaitali.

Ndinawalonjeza kuti adzakamva kakulira mvula isanagwe. Akuti ku Luchenza kuli munthu wosula zitsulo pa makina, mwina angandipangire pisitoni ina. Koma yaing'ono ngati nsonga ya chala chonchi, kaya. Ndipo adokotala amene anawapima sanandilonjeze kuti ababa aiona mvula ya chaka chino.

Agona nako m'manja. Kuwalanda ndalephera.